Fomu ya Lachitatu

Mafomu anali awiri. Onse pampando wa pambali pake. Analyn Tumbaga anawayang'ana. Analiza galimoto. Anaizimitsanso.

Linali Lolemba m'mawa ndipo anali atangoweruka. Mzinda wa Hamilton unali zii. Mabasi ankadutsa opanda munthu. M'mphepete mwa msewu munali chipale chotsalira, chitada ngati phulusa.

Boma linali litalamula. Aliyense wosamalira okalamba asankhe nyumba imodzi yogwirako ntchito. Zodumphadumpha zithe, poti ndi mmene mliri unkasamukira. Tsiku lomaliza kusaina linali Lachitatu, 3 koloko masana.

Analyn anali namwino wa nyumba ziwiri. Zaka zinayi akukwera ndi kutsika phiri. Masiku atatu kumtunda. Masiku atatu kumunsi, kufupi ndi mafakitale a zitsulo. Kumtunda mliri unali usanalowe. Kumunsi unali utanyamula kale anthu asanu ndi awiri, ndipo chiyambireni zimenezo Analyn sanapondenso kumtunda.

Munthu wanzeru sakanavutika posankha. Koma kumunsi kunali Lennox.

Lennox Pinnock. Namwino mnzake, wamtali, wa mawu otsika. Miyezi isanu ndi itatu ali pachibwenzi chobisa, chimene ngakhale ophika ankachidziwa. Kenako mkulu wa kumunsi anadwala mantha n'kukakhala kwawo. Eni nyumba anaimba foni ali ku Toronto. Lennox anagona namwino, anadzuka bwana.

Foni inalira. Uthenga wa pagulu la antchito. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha.

"CHIKUMBUTSO. MASIKI IMODZI PA SHIFITI. SAINANI MUSANATENGE. WOCHEDWA ALEMBEDWA. L. PINNOCK."

Isanazime inaliranso. Uwu unali wake yekha.

"Wadya, Ana? Ndakusiyira kanthu pakhonde. Ndakusowa."

Munthu mmodzi. Mphindi imodzi. Anawerenga onse awiri. Sanayankhe uliwonse.

*

Pakhonde panali mphika wokulunga m'thaulo. Mchira wa ng'ombe ndi nyemba, kuphika kwa ku Jamaica, dzanja la amayi ake a Lennox. Palibe amene anaukhudza.

Analyn analowera khomo la m'mbali n'kutsikira kuchipinda cha pansi. Milungu itatu akugona kumeneko, pakati pa makina ochapira ndi makatoni a zokongoletsa za Khirisimasi. Amayi ake anali ndi shuga. Ankaonana pa masitepe basi. Mayi pamwamba, mwana pansi, masitepe khumi ndi awiri pakati.

Chitseko cha pamwamba chinatseguka.

"Wabwera, mwanawe?"

"Ndabwera, Nanay."

"Wasamba m'manja?"

"Khungu latsala pang'ono kutha."

"Wasaina?"

Analyn anayamba kumasula zingwe za nsapato.

"Mphika uja mwauona?"

"Ndauona. Ndi mwini wake yemwe. Anaweramira zenera ngati wansembe."

"Ndi ulemu, Nanay."

"Ulemu wa munthu wofuna mwana wanga akagwire m'nyumba ya maliro? Abwere adzatenge mphika wake."

"Sananene kuti ndisankhe kumunsi."

"Mphikawo ndi umene ukunena."

Analyn anakhala pa sitepe ya pansi. Msana unkamuwawa ngati wasenza simenti.

"Mwana wa a Villanueva uja wafunsanso za iwe," anatero amayiwo. "Jomar. Pa mapemphero a pafoni. Amagwira ntchito pa kompyuta, kunyumba, atavala masilipasi."

"Mukwatiwe naye inuyo."

"Ndikanakhala ndi mano anga onse, bwenzi utaona."

Analyn anaseka pang'ono. Amayi ake sanaseke.

"Bambo ako ndinawaika m'manda kwathu ku Dagupan. Ndinakutsata kuno kudzazizidwa. Sindinabwere kudzakuonera pafoni ukupumira m'paipi. Ukasankha kumunsi, wasankha iyeyo. Ndipo chitseko ichi sindidzakutseguliranso."

Chinatsekeka pang'onopang'ono. Kumenyetsa kukanakhala bwino.

*

Lachiwiri m'mawa anakwera phiri.

Mayi Oksana Hrytsenko, mkulu wa kumtunda, anali pa benchi panja. Nsapato atavula. Tsitsi la imvi litamatirira pachipumi.

"Ima pomwepo. Mamita awiri. Ndimakukonda, koma osafika pamenepo."

"Mwatopa, mayi."

"Ndasambitsa anthu asanu ndi anayi. Mmodzi wandiluma. Wina wandifunsira ukwati."

"Mwalola?"

"Ndamuuza adikire mliri uthe."

Pa zenera la ofesi yawo panali bolodi loyera. Analemba ndi dzanja: mamasiki otsala, magauni otsala, masiku otsala. Aliyense ankawerenga polowa. Kabati ya mamasiki inalibe loko. Ndipo kumtunda kunalibe amene anasiya ntchito. Ngakhale mmodzi.

"Malo ako alipo," anatero Mayi Oksana. "Ukhale kunyumba milungu iwiri, tione ngati ulibe mliri. Ugone. Unenepe. Kenako ubwere. Sindikukunyengerera. Ndikungokuuza."

Milungu iwiri ya tulo. Analyn anaimva m'mafupa, ngati waludzu akamva madzi akuthiridwa m'kapu.

"Simuopa kuti aba?" anafunsa, akuloza bolodilo ndi mlomo.

"Munthu amaba akaona kuti mukumubisira. Ndikawauza kuti zatsala za masiku khumi, amasamala kuposa ine. Dzulo wokolopa wandikalipira kuti ndawononga magolovesi." Anapinda phazi n'kuyamba kulisisita. "Mnyamata wako uja ali bwanji?"

"Mnyamata wanga uti?"

"Iwe, ndakalamba koma maso alipo. Lennox ndinamuphunzitsa ine kubaya jakisoni. Manja abwino. Koma akachita mantha amatseka zitseko. Anali choncho kuyambira kale."

"Ndiye ndichite bwanji?"

"Usandifunse ine. Ndikufuna namwino. Ndingakunamize."

Anavala nsapato, anamanganso masiki, analowa. Asanatseke chitseko anali atayamba kale kuitana munthu ndi dzina.

*

Masana a tsiku lomwelo Analyn anaima kuseri kwa nyumba ya kumunsi, pafupi ndi mabini. Silinali tsiku lake. Anamuitana ndi Minda.

Luzviminda Sarmiento, amene ankamuti Ate Minda, kutanthauza achemwali Minda, anali wamkulu mwa osamalira okalamba onse. Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'nyumba imeneyi. Kumbuyo kwake kunaima akazi ena anayi, motalikirana, aliyense ndi chakudya chake m'manja.

"Tikudikira iwe," anatero Minda.

"Ine, Ate Minda? Ndine wamng'ono mwa nonsenu."

"Ndiwe umadziwa za m'mutu mwa bwana. Ukathawa iwe, ndiye kuti nyumba yapsa. Tonsefe tili ndi kwina. Ine akundifuna ku nyumba ina ku Stoney Creek. Ukasaina kuno, tisaina. Ukapita, tipita."

Akazi asanu. Akachoka iwowo, okalamba a m'zipinda za pamwamba akanasowa ndi wowatembenuza yemwe.

"Musandisenzetse zimenezo."

"Wasenza kale. Ukudziwa a Kowalczyk anatulukira pati Loweruka?"

Minda analoza ndi mlomo. Khomo la kuseri. Pakati pa bini ya zinyalala ndi ya makatoni.

Kumunsi kunali mwambo. Wokalamba akatisiya, ankatsegula zenera la chipinda chake. Ankamufunditsa chofunda cha zigamba chimene okalamba eni akewo anasoka zaka zapitazo, aliyense kuikapo kansalu kake. Antchito onse, ophika ndi okolopa omwe, ankaima m'kolido mizere iwiri. Minda ankayambitsa nyimbo. Munthu ankatulukira khomo la kutsogolo, lomwe analowera.

Lennox anathetsa mwambowo ndi uthenga wa mizere iwiri. Chofunda anachitsekera mu ofesi.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwameta ndevu bambo aja," anatero Minda. "Ndinawakankha ndekha pakati pa zinyalala. Masiki ndingavale imodzi sabata yonse, Analyn. Koma izi ayi."

Galimoto yoyera inaima. Munatuluka Chantal Beaudry, wa mu ofesi, wokonza mashifiti. Fungo la mafuta ake linkabowola ndi masiki yomwe. M'manja makapu awiri a khofi. Pakhosi kachingwe, pa kachingwe kiyi. Makiyi a kabati anali awiri okha m'nyumba yonse.

"Msonkhano wa chiyani uwu? Yopuma ndi mphindi khumi ndi zisanu, amayi."

"Zatsala zinayi," anatero Minda, osayang'ana wotchi.

Chantal anatembenukira Analyn.

"Lero si tsiku lako. Wabwera kudzasaina, kapena kudzazonda odwala a mu ofesi?"

"Kapu yachiwiriyo ndi ya ndani?"

"Ya Len. Sakugona masiku ano. Pafunika wina womusamala." Anapita masitepe awiri, n'kucheuka. "Amamwa wopanda shuga tsopano. Sunadziwe?"

Chitseko chinatsekeka.

"Len," anatero Minda. "Ngati dzina la kagalu."

Akaziwo anaseka m'mamasiki mwawo. Analyn anaseka nawo. Koma kapu ija sinamuchoke m'mutu.

*

Cha m'ma 5 koloko anakumana ndi Lennox kudoko. Magalimoto awiri, ina kuloza kumadzi, ina kumsewu, mazenera otsitsa. Ndi mmene ankachezera tsopano. Mwezi wathunthu osagwirana ngakhale chala. Kutsidya, mafakitale ankafuka ngati palibe chachitika.

Maso a Lennox anali ofiira. Kiyi anali pakhosi, pamwamba pa malaya.

"Mphika unafika?"

"Ukadali pakhonde."

"Amayi akuti chiyani?"

"Akuti umalankhula kwambiri, mphikawo."

Lennox anapukusa mutu. Kumwetulira kunabwera, sikunakhalitse.

"Wasiya shuga, Len?"

"Iwe, usayambe."

"Ndangofunsa. Nkhani zako ndimamvera kwa anthu."

"Chantal amandithandiza mapepala. Basi."

"Ndi kiyi."

"Ndi kiyi."

Mbalame ya m'nyanja inatera pakati pa magalimoto awo. Inaona kuti palibe chakudya, inauluka.

"Ana, ndikufuna usaine kwathu. Sindimafuna kunena. Ndanena."

"Akupempha ndani? Wa zilembo zikuluzikulu uja, kapena wa mphika?"

"Ndine mmodzi."

"Ayi. Wa mphika ndimamudziwa. Winayo milungu itatu sanapondeko m'zipinda. Amalankhula ndi anthu pafoni ali kuseri kwa khoma. A Kowalczyk anakuphunzitsa kusewera makadi, Lennox. Ankakusungira maswiti m'sokosi. Unawatulutsira kumabini."

Lennox anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"A ku Toronto anati anthu asaunjikane. Anatinso a nyuzi asamaone mitembo kutsogolo."

"Chachiwiricho ndiye chenicheni."

Sanatsutse.

"Mamasiki atsala a masiku asanu ndi limodzi," anatero motsitsa. "Ndimawawerenga m'mawa uliwonse, ngati aswana usiku. Ndaimba paliponse. Ndikawauza, athawa onse."

"Akuthawa kale. Akuthawa iwe, osati mliri."

"Ndiye nditani? Ndikalire pamaso pawo?"

"Tuluka mu ofesi. Vala gauni. Uwauze nambala. Ate Minda watseka maso a anthu ochuluka kuposa zaka zako. Nambala siingamuphe."

"Ndikatero usaina?"

"Si msika uno."

"Ana."

"Ndikasaina chifukwa cha iwe, akazi asanu asaina chifukwa cha ine. Mmodzi akadwala ndidzakawauza chiyani ana ake? Kuti chibwenzi changa chimaphika bwino?"

"Amaphika ndi amayi."

"Ndikudziwa. Iwe ngakhale dzira limakukana."

Lennox anatulutsa mkono pazenera. Dzanja lalitali, losweka ndi sopo. Linalendewera pakati pa magalimoto awiriwo. Analyn analiyang'ana. Anatulutsa lake. Sizinafikane. Panatsala mpata ngati wa supuni.

Galimoto yoyera inadutsa pang'onopang'ono kumbuyo kwawo n'kukhota. Analyn anaiona pa kalilole. Anali atatopa kwambiri. Sanaiganizire.

*

Lachitatu analowa 7 koloko m'mawa. Mafomu onse awiri m'thumba, opinda kanayi.

Itakwana 11, Mayi Filomena Arruda a m'chipinda nambala 14 anatsamira mkono. Zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi. Onse ankadziwa kuyambira dzulo lake. Analyn ndi amene anawagwirira foni pakhutu, mwana wawo akutsazika ali panja m'galimoto.

Minda anatsegula zenera. Ilo lokha palibe amene akanaletsa.

A zamaliro sankalowanso m'nyumba masiku amenewo. Ankadikira pakhomo. Analyn ndi Minda anakonza okha, anatseka thumba, anakankha bedi la mateyala. Atafika m'kolido, Minda anakhotera kumanzere, kuseri. Sanayang'ane munthu.

"Ate Minda."

Anali Lennox. Anaima pakati pa kolido atavala gauni yachikasu, yomulekeza m'mawondo. M'manja ananyamula chofunda cha zigamba.

"Kutsogolo," anatero.

Analyn anayang'ana pansi. Panali timizere ta tepi, mamita awiriawiri, mpaka kukhomo. Dzulo panalibe. Tina tinali tokhota. Anamata yekha.

Chantal anatuluka mu ofesi.

"Len, a ku Toronto anati—"

"Ndinamva zimene anati."

Anayala chofunda pamwamba pa thumba. Minda anamuyang'ana, n'kukoka ngodya imodzi kuti chifanane.

Anthu anatuluka mmodzimmodzi. Wophika, ndi chipande chake chomwe. Okolopa awiri. Bambo wokonza mipope. Aliyense anaima pa kamzere kake. Palibe amene anawauza.

Minda sanaimbe poyamba. Anayenda theka la kolido kukamwa kuli kotseka. Kenako inayamba, ya m'mphuno, yotsamwa m'masiki. Ena anailandira.

Panja mwana wa Mayi Filomena anali ataima pafupi ndi galimoto yake. Mayi wamkulu naye, wa imvi. Ataona chofunda anagwira pakamwa.

"Kansalu kabuluu ako," anatero, akuloza ali patali. "Inali diresi yawo ya tchalitchi."

Atabwerera m'kati, Lennox anavula kachingwe pakhosi. Anaika kiyi patebulo la anamwino. Anatsokomola kaye, ngati mwana wa sukulu woiwala ndakatulo.

"Mamasiki atsala a masiku asanu. Ndinakubisirani. Ndinalakwa. Kabati ndatsegula. Amene akufuna kupita apite, sindimuda."

Minda anayang'ana kiyi patebulo.

"Asanu?" anatero Minda. "Ife timaganiza awiri."

"Asanu."

"Ndiye mumadzipheranji, bwana? Msuweni wanga ali ndi saluni ya zikhadabo. Yatsekedwa. Makatoni a mamasiki angokhala."

"Mwamuna wanga ali ndi a pa ntchito yomanga," anatero wophika. "Ndi a fumbi, koma ndi olimba. Akakana sadya."

"Ndipo gauniyo mwamangira kutsogolo ngati mlendo," anatero Minda. "Tembenukani."

Lennox anatembenuka. Minda anamumangira kumbuyo, n'kukoka kwambiri kuposa mmene zimafunikira.

Masana onse Analyn ankamumva m'zipinda. Akudyetsa phala. Akukanidwa. Akunyengerera. Mawu otsika aja anali atabwerera.

Itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 3, anatulutsa mafomu. Anaganiza za milungu iwiri ya tulo. Anaganiza za chitseko cha pamwamba pa masitepe. Anatsamiritsa fomu ya kumunsi pakhoma n'kusaina. Cholembera anapatsa Minda. Minda anachipukuta ndi mankhwala, anasaina, anapatsa wina. Chinayenda m'manja asanu.

Chantal analandira mafomu onse asanu ndi imodzi. Anawawerenga imodziimodzi. Anawalowetsa m'makina, makina analira.

"Apita ku Toronto," anatero. Maso ake ankamwetulira pamwamba pa masiki. "Mukudziwa kuti sabwerera, eti?"

"Tikudziwa kuwerenga," anatero Minda.

Lennox anali kumapeto kwa kolido, atagwira beseni. Analyn anangogwedeza mutu kamodzi. Iye anatsinzina, ngati munthu amene watula katundu.

Ali m'galimoto, Analyn analembera Mayi Oksana. Yankho linabwera asanamange lamba.

"Ndimadziwa. Umuuze mnyamatayo adye."

*

Kunyumba anafika dzuwa likadalipo. Mphika unali pomwe paja. Thaulo linali litanyowa ndi mvula.

Anatsikira pansi. Anavula, anaponya zovala m'makina, anasamba. Kenako anaima m'munsi mwa masitepe.

"Nanay."

Anamva masilipasi akukhwekhwereza. Anaima kuseri kwa chitseko.

"Nanay, ndasaina kumunsi. Koma mukanaona lero. Wasintha. Watsegula kabati. Mayi wina watulukira kutsogolo."

Masilipasi anabwerera. Wailesi inakwera mawu. Pa sitepe ya pamwamba, pamene madzulo aliwonse pankakhala mbale ya mpunga yovundikira, panalibe kanthu.

Analyn anakhala pa sitepe ya pansi. Akhululuka, anadziuza. Lero ayi. Mwina Lamlungu.

Foni inalira. Pagulu la antchito. Zilembo sizinali zikuluzikulu. Zinali zaulemu, zosalala.

"Okondedwa antchito, eni nyumba aimitsa kaye Bambo Pinnock pa ntchito kuyambira madzulo ano. Akufufuza dandaulo lakuti anagwiritsa ntchito ubwenzi wawo ndi wantchito wina pokopa anthu kuti asaine, komanso kuti lero aphwanya malangizo. Mpaka atapezeka wina, za tsiku ndi tsiku ndiyendetsa ndine. Kabati yatsekedwanso. Khomo ndi la kuseri monga kale. Zikomo chifukwa cha kudzipereka kwanu. Chantal."

Anawerenga kawiri. Galimoto yoyera ya Chantal ija inadutsanso m'mutu mwake, pang'onopang'ono, n'kukhota.

Anafuna kuimba. Chala chisanafike pa dzina, uthenga wa Lennox unalowa.

"Ali ndi chithunzi cha magalimoto athu, manja ali panja. Andiletsa kulankhula ndi wantchito aliyense wa kumunsi mpaka nkhani ithe. Akuti mwina miyezi. Ukanasaina kumtunda, bwenzi ndikukuimbira pano. Uwu ndi womaliza. Idya, Ana."

Analemba dzina lake. Anafufuta. Yankho lililonse likanakhala umboni wina.

Makina ochapira ankazungulira. Pamwamba wailesi inkaimba za chifundo. Fomu ya kumtunda inali ikadali m'chikwama, yoyera, yopinda kanayi. Nthawi yake inali itadutsa ndi maola atatu.

Foni inayamba kulira. Minda.

Inalira kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anayankha.

Minda sanapereke moni. Kumbuyo kwake kunkamveka ana, ndi mbale zikugundana.

"Analyn," anatero, mawu ali otopa. "Ku Stoney Creek ndawakana masana. Tasaina tonse asanu. Tsopano tatiuza, tasainira ndani?"